Zilembo 80, mizere 25: chifukwa chake mapulogalamu akale a DOS amavuta pa monita zazikulu

Ofesi ikagula monita yatsopano ya mainchesi 24 kapena 27, aliyense amayembekezera kuti zonse zizioneka bwino kuposa kale, ndipo pa mapulogalamu a masiku ano zimaterodi. Koma pali gulu lina limene limayamba kuvuta tsiku lomwelo: mapulogalamu a zilembo zokhazokha, a sikirini yabuluu kapena yakuda, amene analembedwera MS-DOS, pulogalamu imene inkayendetsa makompyuta a PC Windows isanafale, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Ambiri ndi owerengera ndalama, osunga kaundula wa katundu kapena malipiro a antchito, olembedwa ndi zida zopangira mapulogalamu monga dBASE, Clipper kapena FoxPro. Ena ndi odziwika ngati WordPerfect 5.1 ndi Lotus 1-2-3. Akadalipo chifukwa ntchito yawo amaigwirabe, ndipo m'mafayilo awo muli mbiri ya zaka zambiri.

Madandaulo ake amamveka ngati vuto limodzi. Wina akuti pulogalamu yasanduka kawindo kakang'ono pakona. Wina akuti zilembo zafufuma m'mbali, wina akuti zachita chimbuuzi. Wina monita yake yangoda bii n'kulemba kuti "Out of range". Winanso mizere yozungulira menyu yasanduka ÍÍÍÍ. Zonsezi magwero ake ndi osiyana, ndipo mankhwala a chimodzi sachiza chinzake.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi mawu akuti "kukulitsa", chifukwa amaphimba zinthu zitatu: kutambasula chithunzi chimene chilipo kale, kujambulanso zilembo ndi fonti ina, ndi kuwonjezera chiwerengero cha mizere ndi zilembo. Ziwiri zoyambazo zimachitika pulogalamu osadziwa n'komwe. Chachitatu chimatheka pokhapokha pulogalamuyo itavomera.

Text mode: pulogalamu imene sijambula

Pa kompyuta ya lero chilichonse chooneka pa sikirini, ngakhale chilembo, ndi chithunzi chopangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. IBM PC, imene inatuluka mu Ogasiti 1981, inali ndi njira ina yotchedwa text mode. Sikirini imagawidwa ngati kope la masamu: mizere 25, uliwonse timabokosi 80, tonse pamodzi 2,000. Kabokosi kalikonse kali ndi mabayiti awiri m'memori ya khadi la sikirini, chipangizo cha m'kompyuta chotumiza chithunzi ku monita. Bayiti ndi kamalo kosunga nambala imodzi, ndipo ili ndi tizigawo 8 totchedwa mabiti. Yoyamba ndi nambala ya chilembo, kuyambira 0 mpaka 255. Mwachitsanzo 65 ndi A. Yachiwiri ndi ya mitundu: mabiti 4 amasankha umodzi mwa mitundu 16 ya chilembo, mabiti 3 umodzi mwa mitundu 8 ya kumbuyo kwake, ndipo biti yotsala imachititsa chilembo kuphethira. Sikirini yonse ndi mabayiti 4,000 basi.

Pulogalamu ili ngati kapitawo wa pamunda amene amangonena kuti, "Mzere wachitatu, phando la 12, dzalani chimanga." Kaya mzerewo ndi wa mamita angati, kaya mbewuyo ikamera ioneka bwanji, si zake. Kujambula chilembo chenichenicho inali ntchito ya khadi la sikirini, limene linali ndi fonti yake mkati.

IBM inapereka njira yolembera pa sikirini kudzera mu BIOS, pulogalamu yokhazikika m'kompyuta imene imaiyatsa n'kulumikiza zipangizo zake, koma njirayo inali yochedwa. Choncho mapulogalamu ofuna liwiro, monga Lotus 1-2-3 ya mu 1983, ankalemba mwachindunji m'memori ya sikirini, imene imayambira pa adiresi B8000 pa makhadi a mitundu ndi B0000 pa a mtundu umodzi. Kuti apeze kabokosi ankachulukitsa nambala ya mzere ndi 160, pakuti timabokosi 80 ta mabayiti awiri ndi mabayiti 160. Nambala imeneyi muisunge. Inakhomeredwa mkati mwa mapulogalamu ambiri, ndipo tikumana nayonso kutsogoloku.

80 ndi 25 zinachokera kuti

Nambala 80 ndi yakale kuposa sikirini. Mu 1928 IBM inayambitsa khadi lapepala loboola mabowo lokhala ndi madanga 80, danga lililonse chilembo chimodzi. Masikirini atabwera anawapanga kuti mzere umodzi uzikwana khadi limodzi. IBM 3270 ya mu 1971 ndi VT100 ya kampani ya DEC ya mu 1978 zinkaonetsa mizere 24 ya zilembo 80, ndipo PC inabwera ndi mizere 25. Palinso 132, imene inachokera ku mapulinta aakulu a m'maofesi osindikiza zilembo 132 pa mzere. N'chifukwa chake malipoti ambiri akale a ndalama ndi otambalala kuposa sikirini.

Chikombole cha chilembo ndi maonekedwe a 4:3

Njerwa zonse zoumbidwa m'chikombole chimodzi zimafanana kukula. Zilembo za text mode n'chimodzimodzi: "i" ndi "W" zimatenga malo ofanana. Chimene chinkasintha pakati pa makhadi ndi kukula kwa chikombolecho.

Khadi la MDA la mu 1981 linali ndi chikombole cha timadontho 9 m'lifupi ndi 14 kutsika, ndiye sikirini inali 720 × 350. CGA, ya chaka chomwecho, inali ndi 8 × 8 pa 640 × 200, n'chifukwa chake zilembo zake zinali zokhakhala. EGA ya mu 1984 inabweretsa 8 × 14 pa 640 × 350. VGA ya mu 1987 ndiyo imene ambiri amaikumbukira: 9 × 16 pa 720 × 400, chithunzi chikubwerezedwa ka 70 pa sekondi. Fonti yokha ndi ya timadontho 8 m'lifupi. Kachisanu ndi chinayi amakasiya kopanda kanthu kuti zilembo zisakhudzane, kupatula pa zilembo za nambala 192 mpaka 223, pamene khadi limabwereza kadontho kachisanu ndi chitatu kuti mizere yopingasa ya mabokosi ilumikizane.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Mukagawa 720 ndi 400 mupeza 1.8, pafupifupi 16:9 wa monita za lero. Koma monita za nthawiyo zinali za 4:3. Ndiye kuti timadontho sitinali ta mbali zofanana: kalikonse kanali katali ka 1.35 kuyerekeza ndi m'lifupi mwake, ndipo zilembo zinkaoneka zazitali ndi zoonda. Monita ya lero ili ndi timadontho ta mbali zofanana. Ikadzazitsa 720 × 400 pa sikirini yonse ya 16:9, chilembo chilichonse chimatambalala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Zili ngati chitenje chokokedwa m'mbali: maluwa ozungulira amasanduka ngati mazira, ngakhale palibe ulusi umene waduka. Pa manambala ndi mawu palibe chimene chawonongeka. Ena amazolowera, ena maso awo amakana.

CRT ndi LCD: kupaka ndi kuyala

Monita yakale ya CRT, ija ya chimsana, inalibe chiwerengero chokhazikika cha timadontho. Mkati mwake mtsinje wa maelekitironi unkasesa galasi mzere ndi mzere, ndipo mizere ikhale 350, 400 kapena 480, inkangotalikirana kapena kuyandikana mpaka galasi litadzaza. Kunali ngati kupaka khoma ndi burashi. LCD ndi OLED zili ngati kuyala matailosi: chiwerengero chake ndi chimodzi, monga 1920 × 1080, ndipo theka la tailosi kulibe.

Chithunzi cha 720 × 400 chikaikidwa osakulitsidwa, kadontho pa kadontho, chimachepa kwambiri. Pa monita yakale ya mainchesi 14, imene galasi lake looneka linali pafupifupi mainchesi 13, mzere umodzi wa zilembo unali wamtali pafupifupi mamilimita 8. Pa monita ya mainchesi 24 ya 1920 × 1080 mzere womwewo ndi mamilimita 4.4. Pa ya mainchesi 27 ya 3840 × 2160 ndi mamilimita 2.5 okha, ndipo windo lonse ndi pafupifupi masentimita 11 m'lifupi ndi 6 kutsika. Monita yakula, zilembo zachepa, chifukwa timadontho take ndi tating'ono kwambiri.

Ndiye tikulitse. Pa 1920 × 1080, malo a 4:3 ndi 1440 × 1080, n'kutsala mizati yakuda ya timadontho 240 mbali iliyonse. M'lifupi masamu amayenda bwino, pakuti 720 kuchulukitsa ndi 2 ndi 1440 ndendende. Kutsika ndiye kumavuta: 1080 kugawa ndi 400 ndi 2.7. Pa mizere 10 iliyonse ya timadontho, 7 iyenera kubwerezedwa katatu ndipo 3 kawiri. Zotsatira zake, timizere topingasa ta "E" kapena "=" timasiyana kunenepa, ndipo zilembo za mthunzi ░ ▒ ▓ zimene ankadzazira kumbuyo kwa menyu zimachita mikwingwirima. Njira ina ndi kusakaniza mitundu ya timadontho toyandikana. Mikwingwirima imatha, koma chimbuuzi chija n'chimene chimabwera m'malo mwake.

Njira yachitatu ndi kuchulukitsa ndi nambala yathunthu yokha. Pa 1920 × 1080 kumeneko ndi kawiri mbali zonse, 1440 × 800: zilembo zakuthwa bwino, koma zazifupi, ndipo mbali zonse zinayi zatsala zakuda. Monita ya 3840 × 2160 imapatsa mpata wabwinopo. Kanayi m'lifupi ndi kasanu kutsika kumapereka 2880 × 2000, kadontho kotalika ka 1.25 m'malo mwa 1.35, kusiyana kumene maso ambiri sakuona. Ngakhale mutalola 5.4 kuti mudzaze kutalika konse, kusiyana kwa 5 ndi 6 sikuonekera ngati kwa 2 ndi 3. Apa monita ya timadontho tambiri imathandizadi.

Zimene zingakulitse chithunzi zilipo zingapo: monita yokha kudzera pa menyu ya mabatani ake, dalaivala (pulogalamu yoyendetsa khadi la zithunzi), pulogalamu yotsanzira DOS (yodziyesa kompyuta yakale mkati mwa yatsopano), ndi Windows ikakhala pa 125% kapena 150%. Intel, Nvidia ndi AMD anawonjezera kukulitsa ndi nambala yathunthu m'madalaivala awo mu 2019, ngakhale si pa makhadi onse. Lamulo lothandiza ndi lakuti akulitse mmodzi yekha. Chithunzi chikakulitsidwa kawiri, chimbuuzi chimawirikiza. Siyani monita pa chiwerengero chake chenicheni, ndipo pa Properties ya pulogalamu yotsanzirayo, pansi pa Compatibility ndi Change high DPI settings, sankhani Application kuti Windows isakulitsenso pamwamba.

Kompyuta yakale, monita yatsopano: nkhani ya chingwe

Pamene kompyuta yakaleyo ikadalipo ndipo yafa ndi monita yokha, vuto limakhala pa chizindikiro chodutsa m'chingwe. VGA ili ndi pulagi ya mano 15 ndipo pa text mode imatumiza mizere pafupifupi 31,500 pa sekondi, chithunzi ka 70. Monita zambiri zokhala ndi polowera VGA zimalandira zimenezi, chifukwa kwa zaka zambiri makompyuta ankayaka ndi chithunzi chotere. Ma TV ambiri ndi tizipangizo totsika mtengo tosinthira VGA kupita ku HDMI timayembekezera ka 60 pa sekondi, ndiye timakana. "Out of range" amatanthauza zimenezo. Musanagule, onani m'kabuku ka monita kapena kachipangizoko ngati 720 × 400 pa 70 Hz yalembedwa pa mndandanda.

Chithunzi chikaoneka koma zilembo zina n'zakuthwa zina zachimbuuzi m'mphepete, kapena zikunjenjemera, dinani Auto pulogalamu itadzaza sikirini ndi zilembo, osati pa sikirini yakuda yopanda kanthu, chifukwa monita imafuna m'mphepete mooneka kuti idziyeze. Zikapitirira, konzani Clock kenako Phase pamanja. Pali msampha wina: 720 × 400 ndi 640 × 400 zimafika ndi kugunda kofanana ndendende, ndipo monita singathe kuzisiyanitsa, imangolota imodzi. Ikalota molakwika, timizere toimirira ta zilembo timasiyana kunenepa.

Makhadi a MDA, CGA ndi EGA ndi nkhani ina. Pulagi yawo ndi ya mano 9, chizindikiro chake ndi cha mtundu wina, ndipo liwiro lake ndi lotsika: pafupifupi mizere 18,400 pa sekondi pa MDA, 15,700 pa CGA ndi 21,800 pa EGA. Kachingwe kongosintha mano 9 kukhala 15 sikathandiza. Pamafunika chipangizo chosinthiratu chizindikirocho, kapena kuika khadi la VGA m'kompyutamo.

Nyumba imene pulogalamu imakhalamo

Pa kompyuta yatsopano pulogalamu ya DOS ndi mlendo, ndipo maonekedwe ake amadalira amene wamulandira. Windows NT, 2000 ndi XP zinali ndi chigawo chotchedwa NTVDM choyendetsa mapulogalamu akale a mabiti 16, monga a DOS, ndipo Alt ndi Enter zinkapereka sikirini yonse ku text mode yeniyeni. Windows Vista inasintha kapangidwe ka madalaivala a zithunzi, ndipo kuyambira pamenepo ambiri anayamba kulandira uthenga wakuti "This system does not support fullscreen mode". NTVDM inatsala m'ma Windows a mabiti 32 okha. Pa Windows 10 ya mabiti 32 iyenera kuyatsidwa pansi pa Legacy Components, ndipo windo lake liyenera kukhala pa legacy console. Windows ya mabiti 64 sinakhalepo nayo, Windows 11 ya mu 2021 ndi ya mabiti 64 yokha, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025.

Amene akadali pa NTVDM, windo laling'ono lija limakula posintha fonti, osati pokoka ngodya. Pa Properties, pansi pa Font, sankhani Consolas kapena Lucida Console ya 28 kapena 36. Pansi pa Layout, Screen Buffer Size ndi Window Size zonse zikhale 80 ndi 25. Buffer ikakhala ya mizere 300, mapulogalamu ena amasokonezeka.

Kuika DOS yeniyeni, monga FreeDOS imene Jim Hall anaiyambitsa mu 1994, nakonso kukuvuta. DOS imadalira BIOS, pamene makompyuta atsopano ali ndi cholowa m'malo mwake chotchedwa UEFI. Kwa zaka zingapo UEFI inkabwera ndi chigawo chotsanzira BIOS chotchedwa CSM, koma Intel inalengeza mu 2017 kuti idzasiya kuchichirikiza pofika 2020, ndipo malaputopu ambiri atsopano alibe. Chotsala ndi mapulogalamu otsanzira kompyuta yakale: DOSBox ndi ana ake, dosemu2 pa Linux, VirtualBox, QEMU kapena 86Box.

Pano mpofunika chenjezo limene silikhudza maonekedwe. DOSBox yoyambirira, ya mu 2002, anaipangira masewera. Siitumiza ku pulinta, ndipo siitseka rekodi pamene anthu awiri akugwiritsa ntchito fayilo imodzi. Makalaliki awiri akamalemba m'fayilo imodzi ya DBF, mtundu wa fayilo imene dBASE, Clipper ndi FoxPro zimasungamo marekodi, kudzera pa netiweki popanda chotsekacho, kaundula akhoza kuwonongeka mwakachetechete. vDos, mmodzi mwa ana a DOSBox, ndiyo inapangidwira mapulogalamu a muofesi, ndipo imatseka marekodi ndi kusindikiza pa mapulinta a Windows. Chilichonse chimene mungasankhe, yeserani pa kope la mafayilo, osati pa enieniwo.

Kujambulanso zilembo ndi TrueType

Popeza pulogalamu imangopereka nambala ya chilembo ndi mtundu wake, palibe chokakamiza kuti chilembocho chijambulidwe ndi timadontho 9 × 16. Wotsanzira akhoza kuwerenga mabayiti 4,000 aja n'kujambula chilembo chilichonse ndi fonti ya TrueType, imene Apple inaitulutsa mu 1991. Fonti yotere imasunga mpangidwe wa chilembo ngati mizere yokhota, ndiye imakhala yakuthwa pa kukula kulikonse. Kusiyana kwake kuli ngati kukulitsa kalata pa fotokope ndi kupempha wolemba zikwangwani kuti ailembenso pa bolodi lalikulu. Mawu ndi omwewo, dzanja ndi lina.

vDos imachita zimenezi nthawi zonse. Pa DOSBox-X, mwana wina wa DOSBox, mumalemba output=ttf m'gawo la sdl la fayilo ya makonzedwe, kenako m'gawo la ttf muli font yosankhira fonti, ptsize ya kukula kwa zilembo, winperc ya gawo la sikirini limene windo litenge, ndi lins ndi cols za mizere ndi madanga. Poyamba siyani lins pa 25 ndi cols pa 80. Fonti iyenera kukhala ya zilembo zofanana m'lifupi ndiponso yokhala ndi zilembo zojambulira mabokosi, apo ayi mafelemu a menyu amaduka.

Kwa munthu amene amatha tsiku lonse akulowetsa manambala, njira imeneyi nthawi zambiri ndiyo yosatopetsa maso. Koma ili ndi malire. Imagwira pa text mode pokha, ndiye pulogalamu ikatsegula galafu kapena kuonetsa tsamba lisanasindikizidwe, chithunzi chimabwerera ku timadontho. Komanso EGA ndi VGA zinkalola pulogalamu kuika fonti yakeyake m'khadi. Norton Utilities ya kumapeto inkasintha zilembo zina kuti zikhale timabatani ndi muvi wa mausi. Fonti ya TrueType sidziwa za kusinthako, ndiye pamalopo pamatuluka zizindikiro zachilendo. Kwa ofuna maonekedwe akale koma akuthwa, pali mafonti a TrueType otengera ndendende a makhadi akale, monga a mu Ultimate Oldschool PC Font Pack, ena mwa iwo okonzedwa kale kuti atalike ngati pa 4:3.

Kuwonjezera mizere ndi madanga

Ichi ndi chimene anthu ambiri amafunadi akaona sikirini yaikulu: malo ochuluka, osati zilembo zikuluzikulu. Ndi pano pokha pamene pulogalamu ili ndi mawu.

Njira yake ndi yakale. Mukaika fonti ya 8 × 8 pa mizere 350 ya EGA mupeza mizere 43 ya zilembo, pa mizere 400 ya VGA mupeza 50. Pa MS-DOS lamulo lake ndi MODE CON COLS=80 LINES=50, dalaivala wa ANSI.SYS atalowetsedwa mu CONFIG.SYS, fayilo ya makonzedwe a DOS. Bungwe la VESA, loika miyezo ya masikirini, linaikanso miyezo ya 80 × 60 ndi a madanga 132 okhala ndi mizere 25, 43, 50 kapena 60, ngakhale si makhadi onse anali nazo. Kale anthu ambiri sankakonda mizere 50, chifukwa pa mainchesi 14 mzere unali mamilimita 4 okha. Pa mainchesi 27 mizere 50 itadzaza kutalika konse, mzere ndi pafupifupi mamilimita 6.7, wowerengeka bwinobwino. Chinthu chimene chinalipo kuyambira 1987 chapeza monita yochiyenera.

BIOS imasunga chiwerengero cha madanga pa adiresi 044A ndi cha mizere pa 0484. Pulogalamu yolembedwa mosamala imawerenga pamenepo ikamayamba n'kudzikonza. EDIT ya MS-DOS ili ndi /H yogwiritsa ntchito mizere yonse imene khadi lingathe, Norton Commander imasintha ndi Alt ndi F9, ndipo WordPerfect 5.1 imalola kusankha mtundu wa sikirini pa Setup. Clipper ili ndi SETMODE, MAXROW ndi MAXCOL, koma olemba ambiri a mapulogalamu a kaundula ankangolemba manambala enieni, kuti uthenga ukhale pa mzere 24, bokosi lithere pa danga 79.

Mukayesa, chimodzi mwa zitatu chichitika. Pulogalamu ikhoza kudzaza malo onse, ndiye mwapindula. Ikhoza kubwezera sikirini ku 80 × 25 yokha, kapena kukhala kumtunda n'kusiya theka la pansi lopanda kanthu, zimene sizipweteka. Kapena chithunzi chikhoza kuphwasuka, ndipo apa ndi pamene 160 uja amabwerera. Pa madanga 132 mzere umodzi ndi mabayiti 264. Pulogalamu yokhulupirira 160 imayamba mzere wake wachiwiri pa kabokosi ka 81 ka mzere woyamba, wachitatu pa kabokosi ka 29 ka mzere wachiwiri, ndipo zonse zimapendama ngati masitepe. Zili ngati wodzala amene akuwerenga mapando 80 n'kunena kuti watembenukira mzere wina, pamene munda anaulimanso ndi mizere ya mapando 132. N'chifukwa chake kuwonjezera mizere sikuvuta kwambiri ngati kuwonjezera madanga: pa 80 × 50 mzere ukadali mabayiti 160. Yambani ndi 80 × 43 kapena 80 × 50, yenderani sikirini iliyonse ya pulogalamuyo kuphatikizapo malipoti, ndipo 132 muyese pomaliza.

Mabokosi akasanduka zilembo zachilendo

Manambala 0 mpaka 127 ali ndi tanthauzo limodzi pafupifupi paliponse. Kuyambira 128 mpaka 255 zimadalira tebulo lotchedwa code page. La IBM PC ndi 437, ndipo mmenemo 201 ndi ╔, 205 ndi ═, 186 ndi ║. Pa tebulo la Windows la 1252 manambala omwewo ndi É, Í ndi º. Ndiye ÉÍÍÍÍ» ndi denga la bokosi lowerengedwa ndi tebulo lolakwika, monga nambala ya nyimbo imene yalengezedwa kuchokera m'buku la mpingo wina. Lamulo la CHCP 437 pulogalamu isanayambe, kapena kusankha 437 pa makonzedwe a wotsanzira, limakonza. Mapulogalamu ena a ku Ulaya amafuna 850.

Kwa olemba Chichewa pali mfundo ina: ŵ mulibe mu 437, mu 850 ngakhale mu 1252. Fonti yatsopano ingakhale nacho chilembocho, koma pulogalamu ya mabayiti amodziamodzi yogwiritsa ntchito matebulo amenewa ilibe nambala yochisungira.

Za Linux ndi Unix

Mapulogalamu a zilembo a Unix salemba m'memori ya sikirini. Amatumiza zilembo ndi malamulo ku teminolo, windo kapena sikirini yoonetsa zilembo, ndipo amafunsa kukula kwake. Ambiri olembedwa ndi ncurses, chida chojambulira menyu pa teminolo, amadzikonza windo likasintha. Vuto lawo lofala ndi kuchepa kwa zilembo: fonti ya 8 × 16 pa 3840 × 2160 imapereka madanga 480 ndi mizere 135. Fonti ya Terminus ya 16 × 32, yoikidwa ndi setfont kapena, pa Debian ndi Ubuntu, ndi dpkg-reconfigure console-setup, imatsitsa kufika pa 240 ndi 67. Mabokosi akamaoneka ngati lqqqk, pulogalamu ndi teminolo sizikumvana pa kajambulidwe ka mizere; onani TERM, pamene pamalembedwa mtundu wa teminolo, ndipo pa teminolo ya PuTTY yesani NCURSES_NO_UTF8_ACS=1.

Zimene sizinagwirizanidwe

Maonekedwe olondola ndi ati? Osunga mbiri ya makompyuta amati ndi 4:3, fonti yoyambirira, mwinanso ndi kufewa kwa CRT, ndipo DOSBox Staging ili ndi zosefera zotsanzira galasi lakalelo. Ogwira ntchito tsiku ndi tsiku amati cholondola ndi chosapweteka maso. Onse ali ndi mfundo, pakuti monita zakalezo zinkasiyana, ndipo mwini aliyense ankapotokola mabatani a kukula monga afunira.

Kukula koyenera nakonso sikunakhazikike. Mizere 25 itadzaza mainchesi 27, mzere umodzi umapitirira mamilimita 13, ndipo munthu wokhala pafupi amayendetsa mutu m'malo mwa maso. Kwa wovutika kuona zimenezo ndi thandizo, kwa ena windo la theka la sikirini ndi lokwanira. Pa monita za OLED palinso nkhawa yakuti menyu yosasuntha tsiku lonse ingasiye chipsera pagalasi.

Funso lalikulu ndi la nthawi. Mapulogalamu otsanzira ambiri amasamalidwa ndi anthu ochepa, ena mongodzipereka, pamene makompyuta okhala ndi CSM ndi monita zokhala ndi polowera VGA zikucheperachepera. Amene ali ndi malemba oyambirira (source code) a pulogalamu ya Clipper akhoza kuimanganso ndi Harbour, chida chamakono chomva chinenero cha Clipper, kuti iyende pa Windows ya mabiti 64 kapena pa Linux, maonekedwe ake osasintha kwenikweni. Koma maofesi ambiri ali ndi fayilo ya EXE yokha, yoyendetsera pulogalamu koma yopanda malembawo, wolemba wake sakupezekanso, ndipo sizidziwika bwino amene ali ndi ufulu woisintha. Kodi ofesi yotere ipitirize kudalira wotsanzira, kapena iyambe kusamutsa marekodi ake a DBF pamene munthu wodziwa tanthauzo la danga lililonse akadali pantchito?